Kamunthu ka pa Chiguduli

Kwathu kuno, kuseri kwa mishoni, maliro satha tsiku loika. Amatha tsiku limene zovala za malemu zasonkhanitsidwa, zachapidwa ndi kugawidwa. Pa tsikulo mkulu wa banja amaimirira pakati pa anthu n'kufunsa mokweza ngati alipo amene wasunga chovala cha malemu, kaya anachita kubwereka, kaya anapatsidwa kuti asoke. Amene ali nacho amabwera nacho pomwepo, ndipo sipakhala mlandu. Mpingo sunaletse mwambo umenewu, chifukwa ndi mwambo wa dongosolo: katundu wa munthu abwerere kwawo, mwini wake agone.

A Gidioni Chadewa atamwalira, mkulu wawo anafunsa funso limeneli pabwalo, ndipo palibe amene anaimirira. Mkazi wa malemu, a Nankhoma, sanadabwe. Amuna awo anali mkulu wa mpingo, munthu wosamwaza zinthu. Ngakhale chingwe cha pa phukusi sankadula ndi mpeni. Ankamasula mfundo iliyonse ndi zikhadabo, n'kukulunga chingwecho pa zala ziwiri, n'kuchisiya pa tebulo chili ngati kankhata. Munthu wotero angasiye chovala kwa yani?

Pambali pa a Nankhoma tsiku limenelo panakhala a Nagama, mnzawo wa kuyambira ku sukulu ya atsikana ya pamishoni, amene amuna awo anamwalira kalekale. Manja a a Nagama anali otuwa ndi sopo, chifukwa ndi iwo anatsogolera kuchapa.

Awiriwa anali ndi ntchito yawo yamanja imene ankaikonda muukalamba. Ankakunga chiguduli pa felemu ya matabwa, n'kumamatapo zigamba, mabatani, makungwa ouma a nthochi, nthanga ndi mchenga, mpaka chituluke chithunzi. Chomatira chinali phala la ufa wa chinangwa. Sankagulitsa. Ankangopachika m'nyumba, ena n'kupatsa akwati.

Patapita nthawi, a Nagama anabwera ndi chiguduli chachikulu kuposa zonse zimene anagwirapo.

"A Nankhoma, mukhala choncho mpaka liti, manja pamiyendo ngati mlendo? Tsiku la chiliza likubwera, abale adzadzaza m'nyumba muno. Tipange mudzi wathu wonse, adzauone pakhoma."

"Inu ndi amene mukufunika ntchito," anatero a Nankhoma powayang'ana. "Taonani maso alowa. Kodi mukudya?"

"Ndi tulo tokha tikundithawa. Ukalamba."

"Ukalamba wake uti? Ndinu wamng'ono kwa ine. Pa sukulu ndinkakumangani lamba wa diresi."

"Ndipo munkandithinitsa dala."

Anaseka, ndipo kanali koyamba kuti a Nankhoma aseke chichokereni maliro.

Anayamba ndi tchalitchi, makoma a mchenga wosefa, mtanda wa timitengo ta machesi. Malata anawapanga ndi mapepala onyezimira a m'mapaketi a tiyi. Kumanzere anaika nyumba ya a Nankhoma ndi mpanda wake wa udzu weniweni. Kuchokera pamenepo msewu wa dothi lofiira unatsetsereka, kudutsa pa mjigo wa chitsekerero cha botolo, kudutsa pansi pa mtengo wa mango, mpaka kumapeto kudzanja lamanja, kumene kunali nyumba ya a Nagama. Masiku omwewo mmisiri wa chiliza anabwera kudzafunsa mawu olemba pa mwala, ndipo a Nankhoma sanachite kuganiza. Anati alembe kuti, "Anali wokhulupirika m'zonse." Mmisiriyo anati akazokota akamaliza kusalaza mwalawo.

Chithunzi chitatsala pang'ono kutha, a Nagama anabwera madzulo ena ndi kanthu kokulunga pa mpango. Kanali kamunthu kotalika ngati chala, buluku lakuda, mutu wa nthanga, malaya a nsalu yonyikidwa mu tiyi mpaka kuoneka ngati khaki. Manja ake anali kumbuyo.

"Ndi a Chadewa enieni," anatero a Nankhoma. "Mwawadziwa bwanji mayendedwe chonchi?"

"Ndani sankawadziwa? Matani pakhomo panu."

"Matani ndinu, mwapanga ndinu."

"Ayi. Amuna ndi anu."

A Nagama sanakagwirenso kamunthuko. Anaima chapatali mpaka a Nankhoma atakamata pakhomo la nyumba ya kumanzere, katayang'ana ku tchalitchi. Kenako anatsanzika madzi a tiyi asanawire, ati akufuna kufika kusanade. Mawa lake sanabwere.

M'mawa mwake a Nankhoma potsegula zenera anaona kuti kamunthu kasuntha. Sikanagwe, sikanapendekeke. Kanangochoka pakhomo n'kuima pakati pa bwalo, ndipo sikanalinso kuyang'ana ku tchalitchi. A Nankhoma anali munthu wophunzira, wosakonda nkhani za m'maluwa. Anati phala linali lamadzi, kapena mphemvu zanyambita, pakuti mphemvu zimakonda chinangwa. Anaphika phala lina lolimba, nathiramo tsabola wosinja, n'kubwezera kamunthuko pamalo pake. Anakakanikiza ndi chala mpaka kuuma.

Kutacha anakapeza pa chipata cha mpanda.

Chimene chinawavuta sichinali kusunthako kokha. Chinthu chomatidwa chikamatuka chimasiya banga, koma pakhomo paja panali poyera, ngati sipanamatidwe kanthu. Ndipo pamene kanaimapo tsopano kanali kogwira zolimba. Atayang'anitsitsa ndi magalasi, anaona kuti dothi lofiira la pabwalo lakandika pang'onopang'ono, motsatizana, monga mmene nkhuku imasiyira mapazi pa ufa woyanika.

Masiku omwewo Kambuku, galu wa malemu, anayamba khalidwe lachilendo. Chichokereni maliro ankangogona pakhonde osafuna kudya. Tsopano dzuwa likamalowa ankadzuka, n'kukaima pa chipata, mchira ukugwedezeka, mutu atadzutsa monga galu amachitira poyang'ana munthu wamtali. Panalibe munthu. Kenako ankatuluka pang'onopang'ono, osathamanga, kulowera kumunsi kwa msewu. A Nankhoma akamuitana sankatembenuka. Ankabwera m'mawa, ubweya uli chinyontho ndi mame.

A Nankhoma sanauze munthu. Akanauza a Nagama, koma a Nagama anatumiza mawu akuti miyendo yatupa. Akanauza abusa, koma akanayamba bwanji? Mkazi wa mkulu wa mpingo akanene kuti zigamba zikuyenda? Anabwezeranso kamunthuko, kakachokanso. Ndipo tsiku lililonse kankafika patsogolo pang'ono kuposa dzulo lake, ngakhale kabwezedwe pakhomo. Kanadutsa chipata. Kanalowa mumsewu. Tchalitchi kanakasiya kumbuyo.

Pamenepo a Nankhoma anakwiya, ndipo mkwiyo unawapatsa mphamvu. Anatenga singano yaikulu ndi ulusi wakuda wosokera nsapato. Anasokerera kamunthuko pa chiguduli, m'mapewa, m'chiuno, m'miyendo, ndipo kuseri anamanga mfundo pamwamba pa mfundo, zothina moti iwo eni sakanatha kumasula. Anapemphera, anatseka chitseko cha pabalaza ndi kiyi, kiyiyo n'kuika pansi pa pilo. Anagona osamva kanthu, ngakhale khoswe.

Kunja kutayera anatsegula. Kamunthu kanali pa mjigo.

Ulusi sunaduke. Unali pa tebulo, wathunthu, mfundo zonse zitamasulidwa, wokulungidwa bwinobwino ngati kankhata ka zala ziwiri.

A Nankhoma anagwira mpando n'kukhala pansi. Mantha analipo, koma pansi pa manthawo panali kanthu kena kofunda, ndipo tisawaweruze pa chimenecho. Anati m'mtima, ndi iwo, abwera, sanandiiwale. Anatola ulusiwo n'kuufumbata. Anakhala choncho mpaka kuwala kwa dzuwa kutalowa pa zenera. Funso lina linabwera mochedwa, ndipo litabwera anayesa kulikankha: ngati abwera kwa ine, nanga akuchokeranji?

Lachisanu kunabwera Mofati wogulitsa makala, bambo wa kuseri kwa phiri amene ankafika kukangocha ndi matumba pa njinga. Tsiku limenelo anatsitsa thumba mosalankhula, zimene sizinali zake. Atamwa madzi anafunsa.

"Mayi, kodi kuno kwafika alendo? Abale a malemu?"

"Ayi. Bwanji?"

"Basi, ndiye ndi maso angawa."

"Mofati, wayamba nkhani, imalize."

Iye anakanda m'mutu. "Ndakumana ndi bambo wina mbandakucha, pa mango paja. Manja kumbuyo, kuyenda kwa abwana enieni. Ndinati mwina ndi mng'ono wawo. Kuzizira konseku, iwo opanda jekete, malaya okha, oyera a mizere yabuluu. Ndinatsika pa njinga, ndinati mwadzuka bwanji bambo. Sanayankhe."

"Nkhope unaiona?"

"Kunali chifunga, mayi. Komanso, kunena zoona, sindinafune kuiona. Ndinati mwina asochera ndiwalozere njira, koma ayi, munthu wosochera sayenda choncho. Amene uja njira akuidziwa. Ndipo galu wanu anali pambuyo pawo."

"Ankalowera kuti?"

Mofati analoza kumunsi ndi mlomo. Kenako anamanga zingwe zake msangamsanga, nati sabata yamawa adzabwera dzuwa litakwera.

A Nankhoma analowa m'nyumba. Kamunthu kanali pansi pa mtengo wa mango, ndipo kutsogolo kwake pa chiguduli kunatsala nyumba imodzi yokha. Mawu a Mofati anali kulira m'makutu: oyera a mizere yabuluu. Pa zovala zimene zinagawidwa panalibe malaya otero. Anamatula kamunthuko, nakanyika m'mbale ya madzi ofunda, n'kukatikita ndi sopo. Tiyi anayamba kusuluka. Pansi pa khaki panatuluka mizere.

Anakatembenuza. Kumsana kwake, kumene kunkagona pa chiguduli, nsalu inali yosokedwa pong'ambika ndi ulusi wobiriwira, misoko yaing'ono yopingasa, ya mtundu umene mphunzitsi wa zosoka ankawamenyera pa zala mpaka aidziwe. Dzanja linali la iwo eni, a Nankhoma. Anakumbukira ndi tsiku lomwe. Malayawo anasoka okha, ndipo atang'ambika pa thumba ulusi woyera unali utatha m'nyumba, nagwiritsa wobiriwira wotsala pa mayunifolomu a kwaya. A Chadewa anaseka, ati tsopano ndili ndi munda pa chifuwa. Patapita nyengo malayawo anasowa. A Chadewa anati anabedwa pa chingwe ku msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo anadandaula kwambiri za kuipa kwa anthu a masiku ano.

A Nankhoma anavala nsalu yawo yakuda ndi nsapato. Anaika kamunthu m'thumba pamodzi ndi kabotolo ka guluu wa kusitolo, amene ankamusunga osamugwiritsa ntchito. Anasenza chithunzi chonse pamutu, n'kutsika msewu dzuwa lili paliwombo. Amayi a pa mjigo anawapatsa moni, iwo anayankha bwinobwino.

Kwa a Nagama mazenera anali otseka masana onsewo. Pakhomo la kutsogolo panali pothiridwa mchere. A Nankhoma anazungulira kuseri, ndipo anapeza Kambuku atagona pa tsitepe la khomo la kukhitchini, pamalo poti galu wazolowera. Anati odi. Chitseko chinatseguka pang'ono.

A Nagama anali atatha. Miyendo sinali yotupa. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope ya mnzawo, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukhala pa mpando. Kuseri kwa chitseko kunali mtondo wotchingira, pamwamba pake Baibulo.

A Nankhoma anatsamiritsa chithunzi ku khoma, natulutsa kamunthu, n'kukaika pa tebulo chafufumimba, ulusi wobiriwira uli pamwamba.

"Nsalu iyi munaitenga kuti?"

"M'zigamba. Ndili nazo zambiri, sindingakumbuke."

"A Nagama, ife tonse takalamba. Tsiku la kuweruza sili patali. Nsalu iyi munaitenga kuti?"

A Nagama anaphimba kumaso ndi manja. Pamene analankhula, sanayankhe funsolo.

"Sindikugona. Chiyambire sabata ya maliro sindikugona. Amabwera kukhomo ili. Sagogoda. Amangoima, n'kutsokomola kawiri, monga kale."

Panja galu anagwedeza makutu.

"Monga kale," anatero a Nankhoma.

A Nagama anazindikira chimene anena, ndipo sanayese kuchibweza.

"Chiyambire liti?"

"Chaka cha njala chija. Pamene ankandibweretsera chimanga."

"Chimene ndinkayeza ine. Ndinkati, a Chadewa, pitani nacho madzulo, anthu asaone kuti mnzanga akupempha."

"Ndinalakwa."

"Sindinafunse zimenezo. Munali pabwalo. Munakhala pambali panga, phewa ndi phewa. Alamu anga anafunsa mokweza ngati alipo wasunga chovala."

"Ndikanaimirira bwanji pamaso panu? Pamaso pa mpingo wonse?"

"Malayawo mukanawatentha."

"Ndinayesa. Machesi ankangozima. Ndinakawataya ku dambo, m'mawa ndinawapeza pa mpando uwu, opinda bwino. Ndiye ndinati mwina akufuna malaya abwerere kwawo. Ndinati ndikawabweza kwanu adzawatsata, andisiye."

"Ndiye chiguduli chija, mudzi wathu wonse, kuseka kuja. Munkafuna pobisa malaya."

"Ndinkafunanso kuti mutonthole. Zonse ziwiri."

"Munawadula, munawanyika mu tiyi, munandipatsa ndimate ndi manja anga. Ine n'kulira, n'kumathokoza."

"Ndinati kwanu ndi kwawo."

"Kwawo akukudziwa okha. Ndawamata, achoka. Ndawasokerera ndi ulusi wa nsapato, amasula."

A Nagama anatsika pa mpando n'kugwada, nagwira nsalu ya mnzawo. "Elube, atengeni. Ndinu mkazi wawo wa ku tchalitchi, akumverani. Alankhuleni. Ine ndifa."

Dzina limenelo palibe analitchula chichokere ku sukulu. A Nankhoma anachotsa nsalu yawo m'manjamo pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Dzina limenelo lisiyeni. Linali la mnzanga."

Anatsegula kabotolo ka guluu. Anapaka kumsana kwa kamunthu, nakaika pa chiguduli, pakhomo la nyumba ya kumapeto, ndipo anakakanikiza ndi chala chachikulu mpaka chikhadabo kuyera. A Nagama ankangoti ayi, ayi, motsitsa. A Nankhoma anachotsa kalendala pa msomali, napachikapo chithunzicho, n'kuchiwongola kuti chisapendekeke, pakuti sankatha kusiya chinthu chokhota.

"Akhala akuyenda mtunda wautali m'kuzizira," anatero. "Munkawatsegulira ali moyo. Chotsani mtondowo."

Potuluka anadutsa pafupi ndi Kambuku. Sanamuitane, ndipo galuyo sanadzuke.

Anadzera kwa mmisiri wa chiliza. Anamupeza atajambula kale mawu ndi choko pa mwala, akunola tchizulo.

"Fufutani mzere wapansiwo. Mulembe dzina ndi zaka basi."

"Mayi, mwala ukhala ndi malo aakulu opanda kanthu. Anthu adzati ndinaiwala."

"Adzafunse ine."

Madzulo amenewo a Nankhoma anatsuka mbale ya phala, nasonkhanitsa zigamba zotsala m'dengu, n'kusesa mchenga ndi dothi lofiira pansi pa tebulo. Pa khoma panatsala msomali umene anakhomeratu kudikira chithunzi. Anakhala pakhonde mpaka kunja kutachita mdima. M'nyumba munali bata labwino, lopanda chosuntha, bata limene anakhala akulipempherera. Ndipo anadzigwira akutchera khutu. Ankamvetsera ngati wina atsokomole kawiri kuseri kwa nyumba. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti m'masiku onse amenewo, pamene ulusi unkamasulidwa pabalaza pawo, chitseko cha kuchipinda kwawo chinali pafupi, ndipo palibe anaimapo.

Anadzuka m'mawa monga mwa nthawi zonse, natenga tsache. Atatsegula chitseko anaima.

Pa tsitepe panali kankhata kakang'ono ka ulusi wobiriwira, wosuluka, wopindikapindika chifukwa chokhalitsa m'nsalu. Unali wosomoledwa msoko ndi msoko, osaduka paliponse. Mame anali ponseponse pa tsitepe, koma ulusiwo unali wouma.

A Nankhoma anauyang'ana nthawi yaitali. Ulusiwo unali wawo uja anasokera malaya, ndipo a Chadewa sankasunga cha mwini.